Mfundo ya pa Tepi

Kadziwazonse ananyamuka mochedwa, ndipo chinamuchedwetsa ndi matama basi. Tsiku lonse anakhalira kuika zinthu zatsopano pa kagalimoto kake kuseri kwa sitolo ya mlamu wake: nyali zinayi padenga, wailesi ya masipika awiri, ndi hutala yolira ngati ya sitima. Mlamu wakeyo anamulangiza kuti apite kwa mayi wa mawaya, amene ali ndi galaja pafupi ndi msika, koma iye anangoseka.

"Wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda. Chovuta n'chiyani, alamu?"

Dzina lakelo sanalitole panjira ayi. Atamaliza anadikiranso kuti kude, anthu aone mmene nyalizo zikuwalira. Ali mkati moonetsa, foni inalira. Anali mkazi wake, yemwe anali woyembekezera.

"Abambo, zayamba. Bwerani msanga ndi galimotoyo."

Kwawoko kunalibe galimoto ina, ndipo chipatala chinali kutali.

Anayenda bwinobwino mpaka pa mlatho wakale. Pamenepo nyali zonse zinazima kamodzi, injini n'kutsokomola, kenako zii. Anayatsa tochi ya pafoni n'kutsegula kabokosi ka mafyuzi. Imodzi inali itapsa. Anaika ina, atangotembenuza kiyi nayonso inapsa. M'thumba munatsala imodzi yokha.

Mtima unamuwawa akaganiza za mkazi wake. Anakhoma galimoto n'kuuyamba wapansi, koma atafika pakati pa mlatho anaponda kachidutswa ka waya. Anakatola n'kumwetulira. Madalaivala ena amatero: fyuzi ikavuta, amaikapo waya wamba, ulendo n'kupitirira. Anabwerera, anakapinda kawayako, n'kuwerama pa kabokosi kaja.

"Musatero."

Anadzidzimuka mpaka kugunda mutu ku chitseko! Pambali pa galimoto panaima mkulu wina wovala ovololo yakale, manja ali kumbuyo. Mapazi ake sanamveke pobwera. Ndipo sankayang'ana Kadziwazonse, ankayang'ana padenga.

"Nyali izi, mababu ake ali pati?"

"Zilibe mababu, achikulire. Ndi zamakono."

"Zopanda mababu..." Mkuluyo anapendeketsa mutu ngati mwana woona chidole. "Sizitentha?"

"Ayi. Koma pepani, ndili pachangu. Mkazi wanga akudwala."

"Ndikudziwa. Onse oima pano amakhala pachangu." Anayang'ana kawaya kaja. "Fyuzi ndi mlonda. Ikapsa ndiye kuti yaona wakuba. Inu mukufuna kupha mlonda, wakuba n'kumusiya m'nyumba. Tsegulani boneti."

Kadziwazonse, amene sanamverepo malangizo a munthu chibadwire, anatsegula. Chidwi chinamugwira. Munthu ameneyu akuchokera kuti nthawi ino? Nanga za mawaya akuzidziwa bwanji?

"Mwaika chiyani lero?"

Anatchula zonse zitatu.

"Yambirani ku batire. Tsatirani waya wa nyalizo ndi chala, osati ndi maso. Maso amanama."

Anatsatira pang'onopang'ono. Wayayo anadutsa pambali pa injini, n'kukalowa pa kabowo kamene iye mwini anaboola masana pa chitsulo. Pamenepo chala chinamva kukhakhala. Anaunika. Chitsulo chinali chitasenda pulasitiki yonse, mkuwa uli poyera, ukukhudza thupi la galimoto. Pansi pake penipeni panali paipi ya petulo.

Akanaika kawaya kaja...

"Mwaona wakuba wanu," anatero mkuluyo. "Muli ndi tepi?"

"Ilipo. Tagwirani foniyi mundiunikire."

"Manja anga sagwiranso."

Kadziwazonse analuma foni ndi mano n'kuyamba kukulunga. Apa m'pamene anamva fungo. Fungo la waya wopsa, lakale, ngati la nyumba imene inapsa kalekale. Silinkachokera mu injini. Linkachokera kumene kunaima mkuluyo.

"Kulungani kasanu ndi kawiri. Musadule ndi mano. Ng'ambani nsonga pakati, mumange mfundo. Tepi yopanda mfundo imamasuka kukatentha."

Anamanga. Potembenuka, kuwala kwa foni kunagwera pa mkuluyo. Chithunzithunzi cha boneti chinalipo pansi. Cha galimoto chinalipo. Cha munthuyo... panalibe.

Anaika fyuzi yomaliza. Anatembenuza kiyi.

Injini inalira!

"Tayatsani zopanda mababuzo," anatero mawu aja pawindo. "Ndizione."

Anayatsa. Mlatho wonse unayera mbee, mpaka udzu wa kutsidya unaoneka. Kumanja kunalibe munthu. Kumanzere kunalibe munthu. Koma pafupi ndi khutu lake wina anapuma mokhutira.

"Zokongola..."

Hutala ya sitima ija sanaiize n'komwe. Anangothamangitsa galimoto. Anapeza mkazi wake atakhala pakhonde ndi chikwama, akumutukwana ndi mawu onse amene ankawadziwa. Anafika kuchipatala nthawi ilipo, ndipo kunja kukucha kunabadwa mwana wamkazi.

Patapita masiku atatu, Kadziwazonse anaimika galimoto pa galaja ya mayi wa mawaya, chipewa chili m'manja.

"Mayi, ndabwera mundikonzere zimene ndinawononga."

"Lero kugwa mvula," anatero mayiyo akuseka. Anatsegula boneti n'kuyamba kutsatira waya wofiira ndi chala, maso ali kumwamba. Atafika pa kabowo kaja anaima. Anawerama. Kuseka kunatha.

"Anakuphunzitsani ndani mfundo iyi?"

Anawafotokozera zonse: ovololo, manja kumbuyo, mlonda ndi wakuba. Mayiyo anakhala pansi pa tayala lakale.

"Tepi ankaimanga chonchi ndi bambo anga okha. Ine ndinalephera kuphunzira, ndimangodula." Anapukuta manja pa nsanza nthawi yaitali. "Papita zaka khumi ndi ziwiri. Amayi anadwala mwadzidzidzi, iwo akuthamangira kunyumba, fyuzi n'kupsa pa mlatho wakale uja. Munthu amene ankatikalipira tsiku ndi tsiku za mafyuzi, tsiku limenelo anaikapo waya. Galimoto inayaka iwo ali momwemo."



"Nanga nyalizi anaziona?" anafunsa mayiyo.

"Anaziona. Anafunsa kuti mababu ake ali pati."

"Ndi iwowo," anatero, misozi ikutsika koma akumwetulira. "Anati chiyani?"

"Anati n'zokongola."

Tsiku limenelo mayi wa mawaya anazula zonse zimene Kadziwazonse anaika, n'kuzilumikiza mwatsopano, chilichonse ndi fyuzi yakeyake. Koma kachidutswa ka waya kokhala ndi mfundo kaja anakadula mosamala uku ndi uku, n'kukaika m'thumba la pachifuwa.