Onyamula Njerwa Ali Mtulo

Mkazi wa dalaivala wina wa lole zinkamuzunguza mutu. Mwamuna wake ankagona kukangoda, mkonono ngati injini yakale, koma m'mawa ankadzuka ngati wamenyedwa. Mapewa kuphwanya, maso ali psuu. Kuchipatala anamuyeza magazi, osapeza kanthu. Tsiku lina anasinza pachiwongolero, lole n'kukaima m'ngalande.

"Tulo ndimagona, mayi a mwana," anatero madzulo ena, "koma thupili silimva kuti ndagona."

"Kapena mumakagwira ganyu kumaloto," mkaziyo anaseka. Mwamunayo sanaseke.

Tsikulo magetsi anabwera mochedwa, ndiye mkaziyo anatsalira pabalaza, akusita zovala. Kenaka anamva kugogoda. Osati pachitseko, koma pazenera la kuchipinda. Kugogoda kwaulemu, kwa munthu wozolowera.

Mkonono unaleka. Mwamuna wake anatulukira, maso ali chitsinzire, wopanda nsapato. Anamudutsa ngati mpando, n'kutsegula chitseko.

Mkaziyo anazimitsa simbi, n'kumutsatira.

Kumapeto kwa msewu wawo kunali nyumba yosanja yosatha, imene inkakwera ngakhale panalibe amene anaonapo amisiri ake. Anapeza anthu ali pamzere, akupatsirana njerwa. Wometa tsitsi analipo. Aphunzitsi a kuseri kwawo analiponso, ndi zovala zogonera. Onse otsinzina. Popanda wotsokomola, popanda wolankhula. Mwamuna wake analowa pampata umene unkamudikira.

Pamgolo panakhala munthu wa chikhoti chachitali, nkhope ili mumdima.

"Mwasochera, mayi," anatero mofatsa.

Mkaziyo anagwira mkono wa mwamuna wake. Unali wozizira ngati chitsulo.

"Awa ndi amuna anga. Atopa."

"Atengeni. Koma pamzere sipakhala mpata."

Mkaziyo anamukoka mwamuna wake mpaka kunyumba, osacheuka.

Mwamunayo anagona mpaka dzuwa kutentha. Anadzuka akuimba mluzu, n'kudya ngati wochokera kundende. "Thupi lapepuka ngati la mnyamata," anatero, akudziwongola. Masiku otsatirawo nkhope inabwerera, nthabwala zinabwerera.

Mkaziyo ndiye ankadikira. Ankadziwa kuti mpata uja ndi wake. M'mawa uliwonse ankadzigwira mapewa, kudziyang'ana m'manja. Palibe. Nayenso ankadzuka ndi mphamvu. Pampopi amayi ankanong'onezana kuti nyumba ija yafika padenga, ndipo mwini wake salemba munthu ntchito masana. Mtima wa mkaziyo unayamba kukhala pansi.

Lolemba anapita kukadzutsa mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, kuti akonzekere sukulu. Anamuitana, osayankha. Anamugwedeza. Mwanayo anatsegula maso movutikira. Kumapazi kwake kunali fumbi lofiira.

"Amayi, ndisiyeni pang'ono," anatero. "Manja akundiwawa."