Vidiyo ya Bambo Qiao

Yewo anakhala mu tramu, sitima ya m'tauni, foni ili m'manja. Anaimbanso, koma Ruolan sanayankhe. Ngakhale kusukulu sanaoneke tsiku limenelo.

Ruolan anali mnzake wapamtima. Anabwera ku Sheffield kuchokera ku China ndi bambo ake, a Qiao, koma mayi ake anatsala kwawo akudwazika agogo. Aphunzitsi a mbiri atauza kalasi kuti aliyense acheze ndi munthu wamkulu za unyamata wake, Yewo anapempha a Qiao kuti awajambule vidiyo. Anavomera monyinyirika, atamuuza kuti vidiyoyo aonere aphunzitsi okha.

Anafotokoza za 1989, ali wophunzira ku Beijing. Ananena mmene ankaimbira pabwalo kupempha ufulu, mmene asilikali anafikira, ndi za mnzawo amene sanabwererenso ku hositelo. Polankhula ankayang'ana pansi. Yewo anaona kuti nkhani yotere singathere mu foni ya aphunzitsi. Anaiika pa intaneti, ndipo anthu zikwizikwi anaionera. Anzake anayamba kumutcha mtolankhani.

Atafika kunyumba anapeza mayi ake akusita yunifomu ya kuchipatala. Anawauza zonse, n'kuwonjeza kuti sanalakwe, popeza kuno munthu amalankhula zimene akufuna. Mayi ake anazimitsa simbi. Anamuuza kuti ku Mzuzu, nthawi ya chipani chimodzi, agogo ake aamuna a Yewo anatengedwa ndi apolisi chifukwa cha mawu amene ananena m'basi, ndipo amene anakawanenera anali mnzawo.

"Iwe uli kuno," anatero. "Nanga mayi ake a Ruolan ali kuti?"

Yewo anafufuta vidiyoyo pomwepo, koma anapeza kuti ena anali ataikopera kale. Sanathe kukhala pansi. Anavala jekete n'kukwera chitunda cha ku Crookes kupita kwa Ruolan, mvula ikuwaza.

Amene anatsegula chitseko anali Ruolan, maso ali psuu. Sanamuuze kuti alowe. Ananena motsitsa kuti apolisi a ku China anaitana mayi ake n'kuwafunsa mafunso tsiku lonse, ndipo anawalanda pasipoti. Ulendo wawo wobwera ku England unathera pomwepo, ndipo bambo ake sangayerekezenso kupita kwawo.

"Pepa, Ruolan. Ndimafuna kuti anthu adziwe zoona."

"Bambo anazisunga zaka zonsezi, ngakhale ine anali asanandiuzepo," anayankha Ruolan. "Anakuuza iwe chifukwa ndinawatsimikizira kuti ndiwe wokhulupirika."

M'kati, a Qiao anali pa foni, akulankhula Chitchaina mwachifatse, ngati akutonthoza munthu wolira. Anamuona Yewo pakhomo, anagwedeza mutu pang'ono, n'kutembenukira kukhoma.

Mawa lake m'kalasi, aphunzitsi anayamikira ntchito ya Yewo ndipo anapempha kuti aionetse kwa onse. Yewo anayang'ana mpando wa Ruolan, umene unali wopanda munthu. Anaimirira n'kunena kuti nkhaniyo si yake, ndipo sangaionetse.