Bafuta Amene Anagonera ku Kariba

Tandiuzani, inu owerenga: nsalu yoyera ya mayadi asanu imene mlongo wanga anagonera kunja kwa dziko lino, mwini wake anali yani? Muziganizira pamene ndikulongosola. Sindiwonjezera kanthu. Ndine Rafaelo, kalaliki wa za nkhalango pa Phiri la Dedza, ndipo ntchito yanga inandiphunzitsa kulemba zokhazo zimene zilipo. Nkhaniyi ndinaimva kwa mlongo wangayo, Marita, ndipo mwamuna wake, a Gerevazio, sanatsutse ngakhale liwu limodzi pamene iye ankaifotokoza pamaso pa abale kumudzi kwathu, kufupi ndi Kasina.

Munali mu Ogasiti, chaka cha 1971. A Gerevazio anali mphunzitsi, mkamwini wa pakhomo pathu. Tsiku lina pa Chimbiya anacheza ndi azungu awiri, mwamuna ndi mkazi wake, oyenda ndi zikwama kumsana, okwera lole iliyonse imene yawaimira. Kuyambira pamenepo mtima wa alamu anga sunakhalenso pansi. Ankafuna kukaona nyanja ya Kariba ku Zambia, kumene bambo awo anagwirako ntchito pomanga damu, ndipo ankafuna kuyenda ndi mkazi wawo monga azungu aja.

Koma amayi athu, a Nangozo, ankadwala chifuwa. Chisanu cha chaka chimenecho chinawagoneka pamphasa. Marita anali mwana wawo wamkazi yekhayo, ndipo amayi anali atanena kale kuti wodzawatseka maso ndi kuwasambitsa ndi iyeyo.

"Bambo, bwanji tidikire chaka chamawa?" anatero Marita.

"Chifuwa cha apongozi n'cha chaka ndi chaka. Sukulu ikatsekulira ulendo wafa. Masabata awiri okha, mayi."

Amayi sanaletse, pakuti sakanakangana ndi mkamwini maso ndi maso. Anangogwira dzanja la Marita nati, "Pita, koma usandisiye m'manja mwa ena."

Zikwama anasoketsa kwa a Salimu, telala wa m'tauni ya Dedza. Azungu aja anali atanena kuti m'nyumba zogona anthu apaulendo wotere mumakhala matiresi okha, choyala umanyamula wekha. Tsono m'mawa wa ulendowo a Gerevazio anatulutsa bafuta wopindidwa bwino, nati anagula m'sitolo ya a Kassimu. Anadzera ku Lilongwe, Mchinji, Chipata ndi Lusaka, pena pa lole, pena wapansi. Asanatuluke m'dziko, anyamata a chipani anawaimitsa kawiri kufunsa makadi. Patapita masiku anayi anafika ku Siavonga, m'mphepete mwa nyanja ija.

Nyumba imene anafikiramo inali yaitali, ya malata, yoyang'ana kumadzi kumene mitengo youma inangoti njo, yomizidwa mpaka m'chiuno. M'chipinda chachikulu munali mabedi osanjikizana, modzaza azungu a tsitsi lalitali ndi akazi ovala mathalauza. Iwo, poti anali banja, anapatsidwa kachipinda ka kumapeto. Zenera linali la waya. Kiyi anali mmodzi. Marita anayala nsalu ija pa matiresi, nagona bwino chifukwa cha kutopa.

Kutacha anakonza bedi, nakhoma chitseko, napita kukaona asodzi. Dzuwa litafika paliwombo anabwerera kudzapuma.

Nsalu inalibe pabedi. Inali pansi, pa simenti, itakulungidwa m'litali mwake, yowongoka bwinobwino.

Kunja malata ankalira ndi kutentha. Koma m'chipindamo munkazizira. Marita akuti sikunali kuzizira kwa mthunzi ayi, koma chisanu chenicheni cha kwathu kuno, cholowa m'mafupa. Munkamvekanso fungo la utsi wa nkhuni za paini. Kumeneko kulibe paini.

"Ndi mayi wosesa uja," anatero a Gerevazio.

"Kiyi ali m'thumba mwanu, bambo."

Wosesayo anali a Monika, mayi wachikulire wa ku Katete, wolankhula Chichewa ngati ife. Atawaitana anaima pakhomo osalowa. Ananyamula nsonga ya nsaluyo ndi mtengo wa tsache, naiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, kwanu mumagonera nsalu yosasoka m'mphepete?"

"N'jatsopano," anayankha msanga a Gerevazio. "Tinasowa nthawi yopita nayo kwa telala."

"Eya. Koma ine imeneyo sindichapa. Muno sindisesanso."

Anachoka akukoka tsache lawo. Alamu anga anaseka, nati anthu osapita kusukulu amaopa ndi chithunzithunzi chawo chomwe. Anafunyulula nsaluyo, naiyalanso okha.

Tambala woyamba atalira, Marita anadzidzimuka. Wina anatsokomola. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu kunali kwakutali, kothera ndi kamluzu ka pachifuwa. Chifuwa chimenecho iye anali atachimvera miyezi itatu. Sichinachokere panja. Chinachokera kumiyendo kwa bedi.

Kenaka nsalu inayamba kuyenda pansi pawo. Pang'onopang'ono. Monga mmene amakokera munthu wopanda mphamvu.

"Bambo, mukukoka ndinu?"

"Ayi."

"Mwamva?"

"Ndamva."

"Tiyeni kwathu. Ndi amayi."

Sanagonenso mpaka kunayera. Koma dzuwa litatuluka, mtima wa a Gerevazio unabwerera m'malo.

"Tifike pano, tibwerere osaona damu? Ndikawauza chiyani aphunzitsi anzanga? Kuti tinathawa shiti ya pabedi?"

"Mukawauze kuti apongozi anu akudwala."

"Mawa, mayi. Mawa m'mamawa tinyamuka."

Anapita kudamuko. A Gerevazio anawerenga mapazi awo pa khoma lija, nalemba m'kabuku. Marita akuti anaima pamenepo ngati chitsa, ndipo mpaka lero sangakuuzeni kuti madziwo anali a mtundu wanji.

Anabwerera dzuwa litapendeka. A Monika anali atakhala pa khonde, patali ndi chitseko chawo, manja pamasaya. Sanawalonjere.

A Gerevazio anatsekula.

Chisanu. Utsi wa paini.

Nsalu inali pansi monga dzulo. Koma tsopano inali yomangidwa, kumutu ndi kumiyendo, ndi timizere tong'ambidwa m'mphepete mwake momwe. Ndipo sinali yaphwatalala. Panali mapewa. Panali mawondo. Panali msinkhu wa munthu wamfupi.

Kunyanja kunkalira nkhwazi.

Alamu anga anaikhudza ndi nsonga ya nsapato. Inafota. Munalibe kanthu.

Marita anagwada, namasula mfundo ziwirizo ndi manja ake, napinda nsaluyo, naiika m'chikwama chake. Usiku umenewo anakhala pakhonde pamodzi ndi a Monika. M'mawa ananyamuka. Masiku anayi a m'njira sanalankhule ndi mwamuna wake, ndipo akuti chikwamacho chinkamuzizira kumsana ngakhale pa lole ya padzuwa.

Anafika kumudzi titaika kale amayi. Anamwalira masana a tsiku limene nsalu inapezeka pansi koyamba, ndipo tinawaika mawa lake dzuwa litapendeka. Masiku ndinawerengetsa ndekha ndi kabuku ka alamu anga, ndipo anagwirizana. Telegalamu tikanaitumiza kuti? Anthu oyenda ndi chikwama alibe keyala. Amene anawatseka maso anali ang'ono awo, a Magadalena.

Marita sanalire mokuwa. Atachoka kumanda analowa m'nyumba, nakhuthula chikwama pamphasa. Nsalu ija inagwera pamapazi a Magadalena. Iwo anaitola, naona mong'ambika muja, naifunyulula kuyeza ndi mkono.

"A Gerevazio, iyi munaitenga kuti?"

"Kwa a Kassimu."

"Kwa a Kassimu inachokera zoona. Ndinaperekeza ndine. Ndikufunsa kuti inu munaitenga kuti."

Mphunzitsi wa Sitandade 7 anayang'ana pansi ngati mwana wosadziwa samu.

"Inangokhala m'bokosi, yosagwira ntchito. Ndimati ndidzabweza."

"Mudzabweza," anatero Marita. Amenewo ndiwo mawu oyamba ndi otsiriza amene anawalankhula kwa iwo chichokere ku Kariba. Tsiku lometa litapita, anatulutsa mabuku awo, njinga ndi chikwama cha a Salimu chija, naziika pabwalo. Ankhoswe anayesa kuwayanjanitsa kawiri, nalephera.

Amene ankakulunga nsaluyo m'chipinda chokhoma, ine sindimudziwa, ndipo bambo mfumu wa ku mishoni nditawafunsa anangondiuza kuti ndizipemphera. Zimene ndikudziwa ndi izi. Pa tsiku la maliro amayi osambitsa anatsekula bokosi la zovala za malemu, nafunafuna mpaka pansi, osapeza chimene a Magadalena ankanena. Pamenepo wapampando wa amayi a chipani anabwera ndi nsalu ya chipani, ija yovala povina pamisonkhano, nati ndi ulemu wochokera ku nthambi ya chipani. Panalibe wolimba mtima kuikana. Pa nsalu imeneyo sindinena zambiri. Nthawi imene tikukhalamo mukuidziwa nokha. Ndingonena kuti amayi anali atauza ang'ono awo kuti anaivala mokwanira ali moyo, ndipo pokaonekera kwa Mulungu ankafuna yoyera. Anagulitsa mbatatesi zaka ziwiri kuti aigule. Sanaisoke m'mphepete, pakuti yotere sasoka.

Bafuta amene Marita anagonera ku Kariba anali nsalu ya maliro ya amayi athu.