Chiganizo Chimene Zakia Anafufuta

Anakumana pa siteji ya kutsidya kwa mlatho wa Shire, dzuwa la Okotobala likuswa mtengo. Zakia, mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina ya masana kufupi ndi Malindi, anali atakhala kale m'galimoto ya matola pamene mwamuna wina wa magalasi anakwera n'kumuponda chala.

"Pepani achemwali! Ndine mlendo kuno. Dzina langa ndi Macloud, ndabwera kudzachita kafukufuku pa sukulu ina chakuno."

"Wa nsomba? Ofufuza onse obwera kuno amafuna chambo."

"Ayi, ine wanga ndi wa kalembedwe. Ndikuchita digiri ija amati PhD. Ndikufuna kudziwa zimene zimachitika m'mutu mwa munthu akamalemba. Akaima n'kuluma cholembera, akafufuta mawu n'kuika ena, amakhala akuganiza chiyani? Kodi kusinkhasinkhako kumasintha zimene walemba?"

Zakia anaseka, koma mawuwo anamukhudza. Iye ankalemba nkhani kuyambira ali mtsikana, ndipo panalibe munthu anamufunsapo funso lotere.

Sukulu imene Macloud ankapita inali yomweyo ya Zakia. Lachitatu lililonse ana akaweruka, aphunzitsi amene anavomera ankasonkhana mu laibulale n'kumalemba. Akamaliza, Macloud ankaika foni patebulo kuti ijambule mawu, n'kumafunsa aliyense payekha kuti, "Apa mwafufutiranji? Apa munaima nthawi yaitali, munali kuti?"

"Dzina lanu silidzatuluka," ankawatsimikizira. "Mawu anuwa ndidzamva ndekha."

Aphunzitsi ena anatopa nazo n'kusiya. Zakia sanaphonyepo. Ankalemba nkhani ya mkazi amene mwamuna wake anapita ku Joni, ndipo palibe anadabwa. Ku Malindi konse ankadziwa kuti Zakia ndi mkazi wa Ayub, amene anapita ku Joni kalekale ndipo akudikiridwabe.

Posakhalitsa mauthenga anayamba kulowa pa foni yake.

"Wadzuka bwanji, mlembi wanga? Dzulo ndawerenga ndime yako kawiri, chakudya chinandizizirira."

"A Macloud, musandipusitse."

"Ndikakupusitsa iwe, ndapusitsa mtima wanga. Maso ako amalankhula zambiri kuposa cholembera chako, duwa langa."

Duwa! Ndani anamutchulapo choncho? Zakia ankafufuta mauthengawo akawerenga, koma mawuwo ankatsala m'mutu mwake ngakhale ali pa swala akupemphera.

Loweruka lina masana, Macloud anamutengera ku lesitilanti ina yobisika ku boma. Anakhala kuseri, pansi pa mtengo wa mango, pafupi ndi pamene atsikana ankatsukira mbale.

"Lero kulibe kafukufuku, dale. Lero ndi la iwe ndi ine," anatero akumugwira dzanja. "Koma pali chimene chikundisowetsa mtendere. Lachitatu unalemba kuti, ‘Mkaziyo analibenso womudikira.’ Kenako unafufuta mpaka pepala linabooka. Chifukwa chiyani?"

Zakia anayang'ana pansi.

"Chifukwa chinali choona."

"Ndiuze, wapamtima. Ukundiopa ine?"

Ndipo anamuuza. Anamuuza za mimba zake zimene zinkangochoka, yomaliza ali yekha m'nyumba Ayub atangonyamuka. Anamuuza za talaka imene Ayub anamupatsa pa foni pothetsa ukwati, akunena kuti wapeza mkazi wobereka. Ayub sanauze abale ake chifukwa cha mantha, ndipo Zakia sanauze mayi ake chifukwa cha matenda awo a mtima. Chaka ndi chaka pa Idi ankagula yekha chitenje n'kukawapatsa, ati chachokera kwa mkamwini wawo.

"Ndikamalemba, dzanja limafuna kunena zoona," anatero akusisima. "Ndikaima n'kuganiza, manyazi amandigwira, ndiye ndimafufuta."

Macloud anamupukuta misozi ndi chala.

"Usalirenso. Ayub anataya golide. Ndikangomaliza digiriyi ndikaonekera kwa amalume ako. Akati ndilowe Chisilamu, ndilowa. Mwana akhalepo, asakhalepo, ine ndikufuna iwe."

"Mukulumbira?"

"Ndikulumbira, pali Mulungu!"

Tsiku limenelo Zakia anabwerera ku Malindi thupi lili lopepuka ngati watula mtolo wa nkhuni.

Mvula itayamba, Macloud anabwerera ku yunivesite kukalemba zimene anapeza. Mauthenga anayamba kuchepa. "Ndatanganidwa, bebi, pirira." Kenako, "Ndikuimbira mawa." Mawalo silinkafika. Zakia ankadziuza kuti munthu wolemba buku lalikulu sasokonezedwa. Nanga si iye yemwe ankadziwa kuwawa kwa kulemba?

Nyengo yozizira itafika, ahedi analengeza kuti aphunzitsi a zilankhulo onse aitanidwa ku boma kukamva zotsatira za kafukufuku uja. Zakia anasoketsa diresi yatsopano yobiriwira.

Holo inadzaza. Mzere wa kutsogolo kwake kunakhala Asiatu, mchemwali wa Ayub, amene ankaphunzitsa pa sekondale ina ya m'tauni.

"Alamu, mwatchena bwanji! Achimwene akubwera kapena?" anamuseka Asiatu.

Macloud anatulukira atavala suti. Maso ake anadutsa pa Zakia ngati akudutsa pa khoma. Anafotokoza bwino, anthu n'kumagwedeza mitu. Anati wolemba akaima n'kusinkhasinkha, nthawi zina amakonza zolemba zake, koma nthawi zina amabisa zoona zimene dzanja linali litalemba kale.

"Kuti mumvetse, mverani nokha mphunzitsi wina amene tamutcha Mayi Z."

Sipika inakhosomola. Kenako mawu anadzaza holo yonse.

"Ndikamalemba, dzanja limafuna kunena zoona..."

Anali mawu a Zakia! Macloud anali atawasintha pang'ono kuti amveke ngati a munthu wina, koma ndani sakanazindikira Chichewa chake chokoka Chiyao? Kuseri kwa mawuwo kunkamveka mbale zikugundana. Mbale za ku lesitilanti kuja! Foni inali m'thumba la malaya, ikujambula, pamene mwini wake ankamupukuta misozi.

Dzina la Ayub analidula. Koma Joni anaisiya. Talaka anaisiya. Mimba zija, chitenje cha pa Idi, kusisima kwake, zonse zinatuluka pa sipika.

Mitu inayamba kutembenuka. Ahedi anagwira pakamwa. Asiatu anacheuka pang'onopang'ono, namuyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato, kenako anatulutsa foni yake n'kutuluka panja.

Anthu anaomba m'manja mozengereza. Macloud anamwetulira.

"Pomaliza ndithokoze munthu amene anandipirira nthawi yonse ndinali kuno, mkazi wanga Doris. Taimirira akuone, mayi."

Kutsogolo kunaimirira mayi wowala khungu, dzanja lili pa mimba yaikulu, ya masiku.

Zakia sanadziwe mmene anatulukira. Anangozindikira ali kuseri kwa holo atatsamira thanki ya madzi. Macloud anamupeza pomwepo, akucheukacheuka.

"Zakia, tamvera. Dzina lako sindinatchule."

"Munati lija silinali tsiku la kafukufuku."

"Unavomera kale kujambulidwa pachiyambi pomwe."

"Ndinavomera mu laibulale, foni ili patebulo! Pansi pa mango paja ndinkalankhula ndi mwamuna amene analumbira kuti adzandikwatira!"

"Tsitsa mawu, anthu amva."

"Atsala ndani woti amve?"

Macloud anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

"Undimvetse. Popanda gawo lako, kafukufuku yense analibe mtima. Aphunzitsi anga anati ndi lomwe lapambana m'buku lonse. Zidzathandiza alembi ambiri, Zakia."

"Nanga zija munkati duwa langa? Zinali mafunso a kafukufuku?"

Chapatali kunamveka mawu a Doris akuitana, "Bambo a kunyumba, galimoto ikudikira!" Macloud anavala magalasi ake n'kupita, osacheuka.

Zakia anakwera matola obwerera kwawo. Njira yonse ankangoganiza chinthu chimodzi: akafike kwa mayi ake nkhani isanafike. Awauze yekha, pang'onopang'ono, atawakhazika pansi ndi mankhwala awo pafupi. Galimoto inkaima paliponse, kutsitsa matumba a chimanga, kukweza mabasiketi a usipa. Anafuna kukuwa.

Atatsika anathamanga, diresi yobiriwira ikukokera fumbi. Pa mjigo amayi anasiya kupopa n'kumamuyang'ana. Mmodzi ananong'oneza mnzake.

Mayi ake anawapeza ataima pakhomo, atagwira chitseko ndi manja onse awiri. Nkhope yawo inali yotuwa.

"Amayi, khalani pansi. Ndili ndi mawu."

"Apongozi ako achoka pano posachedwa," anatero mayiwo ndi mawu otsika. "Zaka zonsezi, Zakia? Unkataya magazi wekha m'nyumba, ine ndili moyo?"

Zakia anagwada pa dothi n'kuwagwira miyendo.

Mayi ake anawerama movutikira, akupuma mobanika, namukoka mkono.

"Dzuka, mwanangu. Usalirire panja, anthu akuyang'ana. Lowa."