Penti wa pa Mlatho Sanaume

"Ipitirire thirakitayo, Kamba iwe! Tigona mumsewu?"

"Mzere wapakatiwo sukuuona, Naphuma? Ndi wosadukiza. Ndikauwoloka ndilipira chindapusa, akafuna andilanda ndi laisensi yomwe."

"Apolisi ake ati usiku uno? Iwe chilichonse n'kudikira. Thirakita kudikira, kundifunsira kudikiranso!"

Kamba, dalaivala wa galimoto ya buledi, anapitiriza kutsatira thirakitayo pang'onopang'ono, manja ali pachiwongolero. Chibwenzi chawo chinali chitamera ndevu, koma mawu amene Naphuma ankawalota usana ndi usiku sankatuluka. Thirakita itapumira pachitunda, mtsikanayo anatsika n'kumenyetsa chitseko. Anadzera kanjira kachidule kotsetserekera kumlatho, kuti Kamba atsale akukwawa ndi mizere yakeyo.

Mwezi unali mbee, ndipo mumtima anali atayamba kale kumukhululukira. Koma pamlatho panali zii. Achule analeka kulira. M'mbali munali mdima, choncho anayenda pakati penipeni pa msewu, akuponda mzere dala.

Kenako... likhweru!

Patsogolo pake panagwada mkulu wina wovala ovolosi, bulashi ili m'manja, akupenta mzerewo modekha. Analibe tochi. Analibe mthunzi.

"Aa, apongozi! Mukundipondera ntchito. Pentiyu sanaume."

Naphuma anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Pepani bambo... mwandifanizira."

"Sindifanizira ine. Pitani uko, kuseri kwa mzere wam'mbaliwo. Msanga! Phuma lanulo ligwire ntchito lero."

Analumpha. Nthawi yomweyo, vuuu! Chilole chinatulukira pakona chitawoloka mzere, magetsi ali ozima, n'kudutsa pomwe iye anaima. Mphepo yake inamukankhira kuzitsulo za mlatho.

Anacheuka. Mkulu uja kunalibe. Mzere unali wakale, wofufuma, wouma gwa.

Posakhalitsa galimoto ya buledi inafika, ikukwawa monga mwa masiku onse. Kamba anatsika akuthamanga. Aka kanali koyamba kuti Naphuma amuone akuthamanga.

"Uli bwino? Chilole chija..."

"Andipulumutsa bambo opentawo. Amaimba likhweru lako lija, lomwe umaimba ukamatsuka galimoto. Chala chawo chakumanja n'choduka."

Kamba anakhala pansi, pamsewu pomwepo.

"Amenewo ndi bambo anga. Mzerewu anapenta ndi iwo. Ndili mwana, galimoto ina inauwoloka iwo ali chigwadire pomwepa, ndipo anathera pompo. Ndiye ine ndiuwoloke bwanji?"

Naphuma anayang'ana nsapato yake. Kunsi kwake kunali penti woyera, wonyezimira. Anamukhudza ndi chala. Anali asanaume! Koma chodabwitsa n'chakuti chimene chinatuluka m'kamwa mwake ndi phwete. Anaseka mpaka misozi, achule nawo n'kuyambiranso nyimbo yawo.

"Ukuseka chiyani?" anafunsa Kamba.

"Ukudziwa mmene anandiitanira? Akuti apongozi! Akumanda akuposa liwiro, Kamba. Bambo ako andilandira kale, iwe ukadali kumbuyo kwa thirakita."

Kamba anapukuta m'maso. Anayang'ana mzere wa bambo ake, womwe kutsidya kwa mlatho unkayamba kudukizadukiza. Anaimirira, nachotsa chipewa, namugwira dzanja lapenti lija.

"Naphuma, ndikufuna ndikukwatire. Mawa lomweli nditumiza anthu kwanu."