Boti Lomwe Wietske Anamata

Douwe analowa m'shopu ya penti ku Leeuwarden n'kufunsa guluu wa maboti. Wietske, mtsikana wogulitsa, atamupatsa chitini, mnyamatayo anabwerera m'mbuyo.

"Chiikeni m'jumbo, chonde. Guluu ameneyu akandikhudza, thupi lonse limatupa."

"Nanga boti lanulo mumata bwanji?"

"Mwina mngelo wondithandiza ndamupeza kale," anatero Douwe akumuyang'ana m'maso.

Anyamata enawa pakamwa m'pothira shuga, inu! Tsiku lomwelo meseji inalowa: "Duwa langa, bwera ku Grou udzaone boti limene ndidzakutengere kutchalitchi."

Boti lake lanji? Chigoba cha pulayiwudi chakalekale, chowola kunsi, injini ili padera. Koma Wietske anapinda malaya. Nyengo yonse yozizira ankakwera basi Loweruka lililonse kupita ku Grou, kushedi komwe ankasungirako botilo. Ankachotsa matabwa owola, kumata atsopano, kukwecha ndi sandipepa mpaka zala kutuluka magazi. Douwe ankangoima pakhomo ndi khofi m'manja.

"Manja ako ndi agolide, wapamtima. Likadzalowa m'madzi, woyamba kukwera ndiwe. Ndikulumbira!"

Manja agolidewo anadzaza zidzolo. Wietske anadandaula? Ayi ndithu, ankati ndi chikondi.

Madzi oundana atasungunuka m'ngalande, Douwe analemba kuti: "Loweruka lino usabwere, switi. Vanishi aume kaye."

Wietske anapitabe, atanyamula buledi wa shuga woti akadye awiri. Anapeza boti lili kale m'madzi, likunyezimira, kutsogolo atamangako maluwa. Anthu anali mbwee m'mphepete mwa ngalande. Mkazi wina wamtali, mphete ili kuchala, anamuthamangira.

"Ndinu waganyu uja munatimatira boti? Ine ndine Marrit, ndangobwera kumene kuchokera kuntchito ku Rotterdam. Zikomo kwambiri, asisi! Lero tikuliyesa, sabata yamawa litinyamula ine ndi Douwe kupita ku ukwati wathu."

Waganyu! Mtima wa Wietske unawira.

"Douwe! Bwera kuno, galu iwe! Ndine waganyu ine?"

"Tsitsa mawu, Wietske, tikambirana bwinobwino..."

"Tikambirana chiyani? Taona manja angawa! Unkafuna mkazi kapena unkafuna womata? Wopanda manyazi iwe, kundiyamwa mpaka fupa!"

Marrit anayang'ana Douwe, Douwe n'kuyang'ana nsapato zake.

"Musamumvere, wapenga uyu," anatero Douwe pomaliza. "Marrit, kwera tizipita."

Wapenga? Mawu amenewa ndiwo anamaliza zonse. Wietske anapukuta misozi ndi mkono, n'kuyankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Kwerani, asisi, kwerani! Koma kunsi kwa boti limeneli kuli malo amodzi pomwe sindinamate. Penti yaphimba. Likadzathamanga pakati pa nyanja mudzawadziwa."

Marrit anabweza mwendo womwe anali ataukweza kale.

"Malo ake ati? Wietske, wokondedwa, tandiuza!" Douwe anamugwira dzanja.

"Ndisiye! Afufuze wekha, umatenso wekha ndi manja akowo."

Anatembenuka n'kulunjika kokwerera basi, akulira mosabisa, chifukwa munthuyo ankamukonda zenizeni.

Kodi ananena zoona kapena anangonama? Wietske sanauzepo munthu. Boti lija analivuula tsiku lomwelo. Mpaka pano lili m'shedi, ndipo mu Grou monse palibe amene walimba mtima kulikwera.