Madontho Pansi pa Galimoto ya Malemu

Chithaphwi choyamba anachiona m'mawa, atangotsegula chitseko cha galaja. Chinali chofiira psuu, pansi pa galimoto ya malemu mwamuna wake, yaliwiro ija ya zitseko ziwiri, yofupika moti mimba yake inkangotsala pang'ono kukhudza simenti.

Mayiyu anali makaniko, ndipo makasitomala ankangomutchula kuti Mayi Sipanala. Anagwada, n'kuviika chala, n'kununkhiza. Oyilo wa injini amakhala wakuda, madzi a rediyeta obiriwira, mafuta a mabuleki achikasu ngati ophikira. Uyu anali wa giyabokosi. Anakweza galimotoyo pa jeke, napeza kapaipi kong'aluka. Anakasintha, anapukuta pansi ponse, n'kuyalapo katoni youma.

Kutacha, katoni ija inali itanyowa.

"Alamu, amenewa ndi magazi," ananong'ona mchimwene wa malemuyo, amene chichokereni maliro ankagona m'kanyumba kakuseri. "Galimotoyi ikufuna mwini wake. Ndipatseni ndikaitaye kutali, isanatenge munthu wina."

"Magazi onunkha giyabokosi? Kodi ang'ono anu ankamwa oyilo?"

Koma mphekesera sizidikira yankho. Wogulitsa matayala ankati anamva injini ikulira yokha anthu onse atagona. Telala ankalumbira kuti nyali zake zimaphethira ngati maso. Makasitomala anayamba kulambalala galajayo, ndipo mwana wake wamkazi anakana kugona m'chipinda chogundana nayo.

Mayi Sipanala anasintha gasiketi, namanga mabawuti onse. Kunadonthabe. Pamapeto pake anakhuthula zonse, oyilo, madzi, mafuta a mabuleki, mpaka galimoto inauma gwa ngati fupa.

"Tsopano tione chimene uchuche," anaiuza, akumenya boneti ndi chikhatho.

M'mawa mwake chithaphwi chinalipo, chachikulu kuposa kale.

Usiku umenewo sanapite kukagona. Anabisala kuseri kwa mulu wa matayala, tochi kumanzere, sipanala ya mawilo kumanja. Mdima unali bii, wokhuthala moti ankaumva pakhungu. Malata a denga ankathetheka pamene ankazizira, khoswe ankakwekweta china chake pakona, ndipo fungo la girisi linkamukhala kukhosi. Kenaka zonse zinangoti zii, khoswe yemwe analeka.

Kiyi anazungulira pang'onopang'ono m'chitseko chakumbali. Mapazi opanda nsapato anayenda monyang'ama pa simenti. Wina anapumira m'mwamba, nagwada, ndipo panamveka botolo likukhuthuka.

Mayi Sipanala anayatsa tochi. Anali mlamu wake uja, dzanja lili kunsi kwa galimoto, oyilo wofiira akuyenderera m'zala.

"Thirani wonse, alamu. Musachite manyazi."

"Ine ndimati... ndimati ndingoona ngati..."

"Ikani kiyi pansi. Dzuwa likamatuluka ndisakupezeni pakhomo pano. Ndaika mwamuna m'manda, sindiikanso galimoto yake chifukwa cha kabotolo kanu."

Bamboyo anaika kiyi pansi. Atafika pachitseko anacheuka, ndipo mayiyo anaona kuti sakuyang'ana sipanala ayi, akuyang'ana galimoto.

"Zofiirazo ndi zanga, ndavomera," ananong'ona. "Koma zina zija, za pansi pa mpando wa dalaivala, usiku uliwonse ndimazipeza zilipo kale."

"Tulukani!"

Mlamuyo atatuluka, mayiyo anakhoma chitseko, natsamira pakhoma kuti mtima ubwerere m'malo. Ndi pamene anamva. Tho. Kachetechete wautali. Tho.

Anagona chafufumimba, naunika kunsi. Pansi pa mpando wa dalaivala, pamene sipadutsa paipi iliyonse, dontho loyera mbee linkakula pa chitsulo, kenaka n'kugwa. Analilandira pa chala. Linali lofunda. Analilawa kunsonga ya lilime, ndipo linali la mchere ngati msozi.

Anakhala pansi pomwepo nthawi yaitali. Chitseko chinali pafupi, koma sanachiyang'ane. Kenaka anadzuka, anatenga chigubu cha oyilo wa injini, n'kutsegula boneti.

"Bambo a mwana," anatero, mawu ali olimba ngati akulankhula ndi kasitomala wovuta, "ngati ndinu, sunthirani pampando winawo. Mawa ndiyendetsa ndine."

Madontho analeka. M'kati mwa galimoto, mpando wa mbali inayo unalira pang'onopang'ono, ngati walandira munthu wolemera.

Iye anapitiriza kuthira oyilo.